Corolla yanga ikuchedwa kulowa giya: kodi ndigule giyabokosi ina?

FUNSO: "Ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala ku Dedza. Ndili ndi Toyota Corolla ya chaka cha 2003, ya mtundu wa NZE121, ya automatic, imene yayenda makilomita oposa 200,000. Kuyambira mwezi wa June yakhala ikundidetsa nkhawa. M'mawa ndikaika pa D imayamba yakhala kaye phee, kenako imalowa giya mogunda. Ndikalowa mumsewu wa M1 kupita ku Lilongwe imayenda mtunda wautali isanalowe giya yomaliza, moti injini imangolira mokweza. Masiku apitawa ndaonanso kuti pokwera chitunda, ikamachoka pa giya yachiwiri kupita pa yachitatu, injini imakuwa kaye pang'ono isanagwire. Chigulireni galimotoyi sindinasinthepo oyilo wa m'giyabokosi. Makaniko wina wandiuza kuti giyabokosi yatha, ndigule ina. Wina akuti ndisayerekeze kusintha oyiloyo chifukwa galimoto ikhoza kuimiratu, pamene wachitatu akuti aitsuke ndi makina. Kodi nditsatire uti?"

YANKHO: Zikomo aphunzitsi, makamaka chifukwa mwafotokoza bwino nthawi imene vuto lililonse limaonekera. Mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwalembazi palibe chimene chikutsimikiza kuti giyabokosi yanu yatha, ndipo sindingakulangizeni kugula ina pakadali pano. Galimoto yanu ili ndi injini ya 1NZ-FE ndi giyabokosi ya magiya anayi yotchedwa U340E, imene ndi imodzi mwa zolimba kwambiri zimene timakumana nazo m'magalaja. Mwatchula zizindikiro zitatu, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchitoyi ndaona kuti anthu ambiri amaluza ndalama chifukwa chozitenga zonse ngati matenda amodzi. N'kutheka kuti chilichonse chili ndi gwero lakelake. Chimodzi ndikuchikayikira kuti sichikuchokera n'komwe m'giyabokosi, china n'chofala m'galimoto zakale nthawi yozizira, ndipo chachitatu ndicho chofunika kuchiyang'anitsitsa msanga.

Kuti zimene ndinene zimveke, muyenera kudziwa kuti giyabokosi ya automatic imagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo wopopedwa. Injini ikamalira imazunguza pampu imene ili m'giyabokosimo, pampuyo imakoka oyilo kuchokera pansi kudzera m'sefa, n'kumukankhira m'tinjira tambirimbiri ta m'chipangizo chotchedwa valve body. M'menemo muli ma solenoid, amene ndi timavavu toyendera magetsi, ndipo kompyuta ya galimoto ndiyo imawauza nthawi yotsegula ndi kutseka. Oyilo akaloledwa kudutsa amakapanikiza timbale ta kalachi tothinana m'magulumagulu, ndipo gulu limene lapanikizidwa ndilo limapereka giya imene mukuyendera. Choncho kuti giya ilowe bwino pamafunika oyilo wokwanira ndi woyenera, pampu ndi sefa zabwino, kompyuta imene ikulandira uthenga woona kuchokera ku masensa, ndiponso timbale tosaperepeseka. Pa zonsezi, pampu ndi timbale ndi zokhazo zimene zimafuna kuti giyabokosi itsitsidwe n'kumasulidwa. Zinazo zimakonzedwa ili pomwepo, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Yambani ndi kuyeza oyilo, ndipo ichi mukhoza kuchita nokha. Yendetsani galimoto kwa mphindi 15 kapena 20 kuti oyilo atenthe kufika pa madigiri 70 mpaka 80, kenako muimike pamalo athyathyathya, mukoke handibuleki, ndipo injini musaizimitse. Mutaponda buleki, yendetsani ndodo ya magiya pang'onopang'ono kuchokera pa P mpaka pa L, mukuima kamphindi pa chilembo chilichonse, n'kubwereranso pa P. Mukatero solani kachitsulo koyezera oyilo wa m'giyabokosi, osati ka injini, mukapukute ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi, mukabwezeremo mpaka kumapeto n'kukasololanso. Oyilo ayenera kufika pakati pa timizere tolembedwa kuti HOT. Anthu ambiri amayeza injini itazima monga amachitira ndi oyilo wa injini, ndipo amaona ngati ndi wodzaza pamene ali wochepa, chifukwa injini ikazima oyilo wina amabwerera pansi. Eni ake a Honda zakale za automatic asatsatire njira imeneyi, chifukwa zambiri mwa izo zimayezedwa injini itangozimitsidwa kumene. Oyilo akachepa pampu imayamwa mpweya, mphamvu yake imatsika, ndipo zotsatira zake ndi zimene mwalembazo: kuchedwa kulowa pa D m'mawa ndi kuterereka pa chitunda. Kudzazitsanso n'koipa, pakuti zitsulo zozungulira zimamutakasa oyiloyo mpaka kuchita thovu, ndipo thovu silingapanikize kalachi.

Musafulumire kutaya nsalu imene mwapukutirayo, chifukwa ikuuzani zambiri. Oyilo watsopano ndi wofiira ndipo amaonekera kuwala. Akakalamba amasanduka wofiirira moderako, koma ngati alibe fungo loipa ndiye kuti wangotopa chabe. Wakuda bii, wonunkha ngati chinthu chopserera, amasonyeza kuti timbale takhala tikuterereka ndi kutentha kwambiri. Donthezani pang'ono pa pepala loyera, mupite nalo padzuwa, mulipendeke: mukaona tinthu tonyezimira, dziwani kuti chitsulo chikudyeka mkati. Mumufikisenso pakati pa zala kuti mumve ngati muli timchenga. Koma oyilo amene amandiopsa kuposa onse ndi wotuwa mwa pinki, wooneka ngati wathiridwa mkaka, chifukwa ameneyo walowa madzi, ndipo madzi amamatula zomatira za timbale m'masiku owerengeka.

Mukapeza kuti oyilo ndi wochepa, dziwani kuti akudontha penapake, popeza giyabokosi siwotcha oyilo monga imachitira injini yotha. Yalani katoni pansi pa galimoto usiku, m'mawa muone pamene padonthera. Kawirikawiri amatulukira pa masilu (timphira totseka kuti oyilo asatuluke) a pamene madiraivishafuti amalowera m'giyabokosi, pa gasiketi ya sampu (mbale ya pansi pa giyabokosi yosungira oyilo), kapena pa mapaipi awiri opita ku rediyeta. Samalani kuti madzi a m'rediyeta a Toyota nawonso ndi ofiira, choncho mugwire ndi chala kuti musiyanitse. Pa mapaipi awiriwo ndikufuna muyang'anitsitse. M'galimoto zambiri za automatic oyilo amapita kukazizira m'kachigawo kamene kali mkati mwa rediyeta. Kachigawoko kakabooka ndi dzimbiri ndi pamene madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Ndaonaponso galimoto zambiri zimene zinaikidwa rediyeta ya galimoto ya manual itawonongeka yoyamba, ndipo posowa polumikiza mapaipi aja, woikayo anangowalumikiza okhaokha. Galimoto yotereyi imayenda ndithu, koma oyilo wake sazizira, ndipo kutentha ndiko kumapha magiyabokosi ambiri a automatic.

Tsopano tibwere ku nkhani yochedwa kulowa giya yachinayi, imene ndikuikayikira kuti si ya giyabokosi. Choyamba n'chapafupi: pa ndodo ya magiya pali kabatani ka O/D, ndipo kakadinidwa pa dashibodi pamayaka mawu akuti O/D OFF ndipo galimoto siingalowe giya yachinayi ngakhale mutathamanga motani. Muonetsetse kuti mawuwo sakuyaka. Chachiwiri ndi chimene ndikuchiganizira kwambiri. Kompyuta ya Toyota inapangidwa kuti isalole giya yachinayi mpaka madzi a mu injini atatentha kufika cha m'ma madigiri 60, n'cholinga choti injini itenthe msanga. M'galimoto yabwinobwino zimenezi zimatenga mphindi zochepa, ndipo mwini wake sazindikira n'komwe. Koma kuno kwathu kuli chizolowezi chochotsa thermostat, kavavu kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanatenthe, poganiza kuti dziko lotentha silifuna kachipangizo kameneka, ndipo nthawi zambiri imachotsedwa tsiku limene galimoto yawira koyamba, m'malo mofufuza chimene chawiritsa. Thermostat ikachoka, kapena ikafa ili yotsegula, madzi amazungulira mu rediyeta kuyambira pamene mwaliza injini. Ku Nsanje mwezi wa October mwina simungaone kusiyana kwenikweni. Koma ku Dedza m'mawa wa June kapena July, mukuthamanga pa M1 mphepo yozizira ikuwomba rediyeta, injini imatenga nthawi yaitali kuti ifike pa mlingo umene kompyuta ikudikira. Mwanena nokha kuti vutoli layamba mu June, ndipo zimenezi zikugwirizana kwambiri.

Mawa m'mawa muyang'ane geji ya kutentha pamene mukuyenda. Ngati muvi wake ukuchedwa kukwera, kapena ukumatsika mukamatsetsereka n'kukweranso mukaima, ndipo giya yachinayi ikulowa nthawi yomweyo imene muviwo wakwera, mwapeza gwero lake. Thermostat yatsopano ndi kachipangizo kakang'ono, ndipo ikabwezeretsedwa mudzaonanso kuti petulo akutha pang'ono, chifukwa injini yozizira imamwa kwambiri. Ngati thermostat ili bwino koma vuto lilipobe, akayeze sensa ya kutentha kwa madzi, popeza ikafa imatha kumanamiza kompyuta kuti injini ikadali yozizira. Munthu amene angagule giyabokosi ina pa vuto limeneli adzaona kuti yatsopanoyo ikuchitanso chimodzimodzi.

Za kuchedwa kulowa pa D, tiyeni tiyeze m'malo mongoganiza. Galimoto itatentha, handibuleki itakokedwa ndiponso mutaponda buleki, chotsani pa N kuika pa D n'kuwerenga nthawi mpaka mutamva kuti yagwira. Muyezo wa Toyota ndi wakuti isapitirire masekondi 1.2 pa D ndi masekondi 1.5 pa R. Ngati ili yotentha ikukwanitsa muyezowu ndipo imachedwa m'mawa mokha, nkhani yake ndi yopepukirapo. Usiku oyilo wina amatsika kuchoka mu torque converter, imene ndi chipangizo chokhala pakati pa injini ndi giyabokosi m'malo mwa kalachi yoponda ndi phazi, ndipo m'mawa pampu imayamba yamudzaza kaye. Oyilo wakale akazizira amakhala wolimba ndipo amavutika kudutsa m'sefa yakuda, komanso timphira ta mkati tikakalamba timauma, n'kumayamba kutseka bwino pokhapokha tikafunda. Kusiya injini ilire kwa mphindi imodzi musanaike giya kumachepetsa vutoli. Kugundako kungakhale ndi chifukwa china. M'mawa injini imalira mokwererapo, ndiye giya ikalowa pa nthawi imeneyo imalowa ndi mphamvu, ndipo ngati mphira zimene zimagwira injini ndi giyabokosi, zija amakaniko amati ma mounting, zang'ambika, kugundako kumamveka m'galimoto monse. Tsegulani boneti, wina akhale mkati ataponda buleki mwamphamvu azisintha pakati pa D ndi R, inu mutaima pambali osati kutsogolo. Injini ikamadumpha moonekeratu, mphirazo zatha. Koma ngati kuchedwako kulipo ngakhale galimoto itatentha, ndipo kukufika masekondi atatu kapena anayi, ndiye kuti mphamvu ya oyilo ikuthawira penapake mkati.

Chizindikiro chachitatu, chakuti injini imakuwa pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, ndicho sindikufuna kuti muchinyalanyaze. Chimatanthauza kuti gulu limodzi la timbale lasiya kugwira pamene linzake lisanagwire mokwanira, ndipo nthawi iliyonse imene zimenezi zachitika timbale timapsa pang'ono. Chikhoza kuyamba chifukwa cha oyilo wochepa kapena wotopa, sefa yotsekeka, solenoid yoyang'anira mphamvu ya oyilo imene yayamba kukakamira, kapena sensa ya pa throttle (chitseko cholowetsa mpweya mu injini mukaponda moto) imene ikuuza kompyuta kuti mwaponda moto pang'ono pamene mwaponda kwambiri. Chikhozanso kukhala chiyambi cha kutha kwenikweni kwa timbale. Popeza mwachiona masiku ochepa apitawa, mwayi ulipo wochipeza chisanafike poipa, koma mwayiwo umachepa ndi ulendo uliwonse umene galimoto ikukwera chitunda itadzaza katundu.

Musanalole munthu kumasula bawuti iliyonse, galimoto iikidwe pa kompyuta yoyezera. Poyamba tembenuzani kiyi osaliza injini, muone ngati nyali ya check engine ikuyaka, chifukwa galimoto zina zimagulitsidwa nyaliyo itachotsedwa kuti wogula asaone vuto. Polumikizira kompyuta yoyezerayo pali pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala. Dziwani kuti galimoto za zaka zimenezi zopangidwira msika wa ku Japan sizimawerengeka ndi timakina tonse totchipa, choncho wina akakuuzani kuti makina ake akukana kulumikizana, pitani kwa amene ali ndi makina owerenga Toyota. Manambala amene atuluke muwalembe nokha asanawafufute. P0750 ndi P0755 amaloza ku ma solenoid osinthira magiya, P0500 ku sensa ya liwiro la galimoto, P0120 ku sensa ya pa throttle, ndipo P0115 ku sensa ya kutentha kwa madzi. Nambala imangoloza dera limene muli vuto, sikuti ikulamula kuti chipangizo chisinthidwe. Nthawi zambiri ndimapeza waya wodyedwa ndi makoswe, pulagi yolowa matope, kapena waya wa earth wochita dzimbiri, chipangizo chenichenicho chili bwinobwino. Batire lofooka nalonso limasokoneza kompyuta. Magetsi opita ku ma solenoid akadukiratu, giyabokosi ya mtundu wanuwu imakakamira pa giya yachitatu kuti mukafike kunyumba, ndipo galimoto imanyamuka molemera ngati yatheratu, pamene vuto lake ndi waya mmodzi. Woyezayo ayendenso nanu pamsewu makina ali olumikizidwa, kuti aone ngati kompyuta ikulamula giya mochedwa kapena ikulamula pa nthawi yake koma giyabokosi ikuchedwa kumvera. Kusiyana kumeneku ndiko kumatiuza koyang'ana. Kwa amene ali ndi Corolla za m'ma 1990 monga AE100 ndi AE110, pali kebulo yochokera ku throttle kupita ku giyabokosi, ndipo ikakhwepa kapena kukokedwa kwambiri magiya amasintha molakwika, choncho iyambe yaonedwa imeneyo.

Tifike tsopano pa mkangano wa amakaniko anu awiri aja. Amene akuti musasinthe oyilo sakungolankhula zopeka. Waonapo galimoto zimene zinalowa m'galaja zikuyenda, n'kulephera kutuluka oyilo atasinthidwa. Chimachitika n'chakuti timbale tikatha kwambiri, fumbi lake limasakanikirana ndi oyilo n'kumulimbitsa, ndipo oyilo wokhakhalayo ndi amene amathandiza timbale tosalalato kuti tizigwirako pang'ono. Mukamuchotsa, kuterereka kumene kunabisika kumaonekera poyera. Koma giyabokosi yotereyo imakhala itatha kale, ndipo ikanaima ndithu posakhalitsa. Kulakwa kwa makanikoyo n'kutenga zimene zimachitikira giyabokosi yakufa n'kuzisandutsa lamulo la magiyabokosi onse. Ngati oyilo wanu ndi woderako chabe, wopanda fungo lopserera ndiponso wopanda tizitsulo, kumusintha kudzathandiza, ndipo kumusiya ndiko kudzafulumizitsa imfa ya giyabokosi. Ngati ndi wakuda ndi wonunkha, muyembekezere kuti kusintha sikungachize, ndipo ndi bwino kuyamba kukonzekera ntchito yaikulu.

Za kutsuka ndi makina, pa galimoto imene yayenda mtunda wotere osasinthidwapo oyilo, ine sindivomereza, makamaka ngati akuthiramo mankhwala osungunula litsiro. Litsiro la zaka zambiri likamatuka nthawi imodzi limakatseka tinjira ta m'valve body, timene tina ndi tating'ono kwambiri. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yapang'onopang'ono. Akhuthule oyilo pa bawuti ya pansi, atsitse sampu, ndipo inu mukhalepo pamene akuitsitsa, chifukwa m'sampumo ndi mmene muli umboni weniweni wa mmene giyabokosi yanu ilili. Pansi pake mudzapeza timaginito. Tikakhala titakutidwa ndi phala losalala lotuwa, limene mukalifikisa silikulasa chala, palibe chodetsa nkhawa, ndi kudyeka kwa masiku onse. Tizidutswa ta chitsulo tooneka ndi maso, tinthu tachikasu ta mkuwa, kapena mulu wa zinyenyeswa zakuda zonga makoko, zimasonyeza kuti mkati mwawonongeka. Sampu ndi timaginito zitsukidwe, sefa isinthidwe pamodzi ndi kamphira kake, ndipo aike gasiketi yatsopano m'malo mopaka silikoni wambiri, amene amafinyikira mkati n'kukatseka sefa. Giyabokosi yonse imasunga malita apakati pa 6 ndi 7, koma pokhuthula chonchi mumatuluka malita awiri kapena atatu okha, chifukwa wotsalayo amakhala mu torque converter ndi m'tinjira. Muyeze amene watuluka, mubwezeremo wofanana naye, kenako mutsimikize ndi kachitsulo koyezera galimoto itatentha. Mukayenda makilomita mazana angapo mukhuthulenso, ulendo uno osatsitsa sampu, ndipo mukachita katatu oyilo wochuluka adzakhala watsopano popanda kuidzidzimutsa giyabokosi.

Mtundu wa oyilo ndi nkhani imene sindinyengerera. Giyabokosi yanu imafuna Toyota ATF Type T-IV, kapena wa kampani ina amene pa botolo palembedwa kuti akukwaniritsa muyezo wa JWS 3309, ndipo kawirikawiri dzinali limalembedwa pa kachitsulo koyezera komweko. Oyilo wa Dexron II kapena III amene amapezeka paliponse ndi wofiira mofanana, koma kagwiridwe kake pa timbale n'kosiyana, ndipo amayambitsa kugunda ndi kunjenjemera. Wa WS ndi wa Toyota zatsopanoko ndipo ndi wopyapyala kuposa T-IV. Wa CVT asayandikire n'komwe. Apa mpofunika kuchenjeza ena amene akuwerenga: Corolla Axio imene inayamba mu 2006, Vitz zambiri za kuyambira 2005, Sienta zambiri ndi Honda Fit zili ndi giyabokosi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo ndipo ilibe magiya osinthasintha monga yanuyi, choncho oyilo wake ndi kayezedwe kake n'zosiyana. Gulani oyilo wa m'botolo lomata bwino kwa wogulitsa wodalirika, osati wopungulidwa m'chigubu, ndipo botololo litsegulidwe inu mukuona. Mankhwala a m'timabotolo olonjeza kuthetsa kuterereka amafufumitsa timphira kwa kanthawi kochepa, koma sabwezeretsa timbale totha.

Ngati zonsezi zachitika, thermostat ili bwino, kompyuta sikuonetsa vuto, oyilo ndi sefa ndi zatsopano, koma kukuwa kuja kukupitirirabe, pitani kwa makaniko amene ntchito yake yeniyeni ndi magiyabokosi a automatic. Mumudziwa ndi zida zake: ayenera kukhala ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, imene amailumikiza pambali pa giyabokosi n'kuwerenga pa D ndi pa R. Mphamvu ikakhala yotsika ponseponse timakayikira pampu kapena vavu yoyang'anira mphamvuyo, ndipo ikakhala yotsika pa giya imodzi yokha timakayikira timphira ta gulu limenelo. Pali kuyeza kwina koponda buleki ndi moto nthawi imodzi, koma kumeneko musakuyese nokha, chifukwa kukapitirira masekondi owerengeka kumatenthetsa oyilo koopsa. Nthawi zina vuto limathera pa kutsuka valve body ndi kusintha solenoid imodzi, zimene zimachitika giyabokosi isanatsitsidwe. Munthu amene akuweruza kuti giyabokosi yatha asanayeze chilichonse mwa zimenezi akungolota, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino.

Zikatsimikizika kuti timbale tatha, mudzasankha pakati pa kuimanganso ndi kugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Kuimanganso n'kwabwino pokhapokha ngati pali mmisiri waukhondo ndi wodziwa, amene adzasinthe timbale ndi timphira tonse, osati kungochotsa chimene chapsa. Kwa Corolla ya mtundu wanu, yogula kale imapezeka mosavuta m'mashopu a zipangizo za galimoto ku Lilongwe ndi ku Limbe, ndipo nthawi zambiri ndiyo njira yachangu. Muwerenge kachitsulo ka chidziwitso ka galimoto yanu, pamene palembedwa mtundu wa giyabokosi, ndipo mugule yofanana ndendende, mutayerekeza mapulagi ndi masensa ake, popeza ya galimoto yoyendera matayala onse anayi ndi yosiyana. Musanalipire muone oyilo wotsalira mkati mwake, ndipo ngati angalole, mutsitse sampu. Mugwirizane polemba kuti ikakanika m'masiku akutiakuti adzakusinthirani. Poika, ibwere ndi torque converter yakeyake, masilu asinthidwe ikadali pansi, ndipo mapaipi ndi kachigawo ka m'rediyeta zitsukidwe bwino, apo ayi zinyenyeswa za giyabokosi yakale zidzalowa m'yatsopanoyo tsiku loyamba lomwe. Woikayo aonetsetse kuti torque converter yakhala mpaka kumapeto asanamange mabawuti, chifukwa akaikakamiza amaswa pampu galimoto isanayende n'komwe.

Pamene mukukonzekera zonsezi, iyendetseni mofatsa. Mukamva kuti yatsala pang'ono kusintha kupita pa giya yachitatu, pepukitsani phazi pang'ono kuti isinthe popanda kukuwa, ndipo chepetsani katundu. Muziima kotheratu musanachoke pa D kupita pa R. Nthawi ya mvula mukatitimira m'matope musamasinthesinthe pakati pa D ndi R matayala akuzungulira, ndi bwino kupempha anthu akukankheni. Pa chitunda musaigwire galimoto ndi moto, gwiritsani ntchito buleki, ndipo poimika pamalo otsetsereka muziyamba mwakoka handibuleki musanaike pa P, kuti kulemera kwa galimoto kusatsamire pa kachitsulo kakang'ono kokhomera giyabokosi. Ngati mumatsikira ku Golomoti kudzera msewu wa m'mapiri uja, dinani O/D OFF kapena ikani pa 2 kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto, osaika pa N pofuna kupulumutsa petulo. Pokwera msewu womwewo, ngati ikungosinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi, dinaninso O/D OFF mpaka mutafika pamwamba, ngakhale kuti ine ndikanakonda kuti ulendo umenewo muudikire kaye mpaka kukuwa kuja kutatha.

Pali zizindikiro zimene mukaziona muyenera kuimika galimoto pomwepo osapitiriza ulendo: fungo lopserera lomveka muli mkati, oyilo wooneka ngati wathiridwa mkaka, oyilo wofiira wochuluka pansi pa galimoto, phokoso la zitsulo zokhulana, kapena injini kumangokuwa galimoto osasuntha. Zikatero musayese kuiliza mokankha, chifukwa automatic siilira choncho, ndipo musalole kuti ikokedwe ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo akugunda pansi. Injini ikazima pampu nayo imaima, ndipo zitsulo za m'giyabokosi zimazungulira zopanda oyilo wokwanira. Inyamulidwe pa lole, kapena ikokedwe kutsogolo kwake kutakwezedwa. Mukayeza oyilo, kuona geji ya kutentha ndi kulemba manambala a pa kompyuta, munditumizire zimene mwapeza pamodzi ndi nthawi imene ikutenga kulowa pa D ndi pa R ili yotentha, kuti tione ngati sampu itsitsidwe kaye kapena mupite nayo mwachindunji kwa woyeza mphamvu ya oyilo.